Madontho a Alamu Anga

Alamu anga amakhulupirira kuti munthu alibe ufulu wonunkha. Ukalowa m'chipinda momwe iwo ali, sayamba ndi moni, amayamba ndi mphuno. Amatukula mutu pang'ono, n'kukoka mpweya kawiri katatu, kenako n'kukuuza chomwe wadya, komwe wadutsa ndi chomwe chikukudya mumtima. Anthu a mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti a Kadontho, chifukwa vuto lililonse lomwe ungawadandaulire yankho lake ndi limodzi: "Kadontho kamodzi kokha." Iwo dzinalo amalikonda, amachita kuyankha ndi mano onse. Ine ndimangoti alamu, poti ndi mlongo wawo wa amuna anga, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikuwafuna.

Ndinene msanga kuti sindiwakonda, pasapezeke wina wonena kuti ndikubisa. Amuna anga atamwalira anandisiyira chinthu chimodzi chomwe ndinkachisamala kuposa nyumba yomwe: epuloni yawo ya kuntchito, yomwe inali idakali ndi fungo lawo. Nkhondo yanga ndi alamu inali pa epuloni imeneyo. Koma kuti mumvetse mmene mayi wamkulu, waukhondo, wolemekezeka mumsewu monse, angalimbanirane ndi nsalu yothimbirira ndi polishi, muyenera kuwadziwa kaye.

Alamuwo ndiwo oyamba kubadwa. Mayi awo atamwalira amuna anga anali akukwawa, ndiye alamu ndi amene anawalera, ndipo nkhani imeneyi aliyense wodutsa pakhomo pawo waimva mpaka kuiloweza. Ali mtsikana anapeza ntchito kochapira zovala pachipatala china. Zaka zambiri ankalandira nsalu za pabedi za odwala, zamagazi, zamkodzo, zamasanzi, n'kumazisankha ndi manja asanaziponye m'makina. Amati fungo la kumeneko linkawatsatira mpaka kunyumba, linkalowa m'tsitsi, ngakhale tiyi ankamveka wodi ya odwala. M'basi anthu ankawasunthira popanda kupemphedwa. Mnyamata yemwe ankafuna kuwakwatira anawauza tsiku lina kuti akununkha matenda, ndipo sanabwerenso. Alamu sanakwatiwe, ndipo mlandu wa mnyamata mmodziyo anausenzetsa fungo lililonse la padziko lapansi.

Namwino wina wachikulire ndi amene anawapatsa kabotolo koyamba, ka mafuta onunkhira a maluwa a lavenda, nati azidonthezera pa kansalu kophimba mphuno akamagwira ntchito. Alamu amati tsiku limenelo anabadwanso. Ine ndimati tsiku limenelo ndi lomwe tonse tinalowa m'mavuto. Anayamba kufunsafunsa, kuwerenga timabuku, kununkhiza tsamba lililonse la m'mphepete mwa msewu ngati mbuzi yosankha. Mapeto ake anasiya ntchito, napeza kachipinda kuseri kwa saluni ya tsitsi, nakhoma mashelefu mpaka kudenga, nayamba kugulitsa mafuta onunkhira.

Kuseri kwa nyumba yawo anaika mphika waukulu wa chivindikiro chomata, kapaipi kopindapinda kodutsa mu ndowa ya madzi ozizira, ndi botolo kumapeto kwake. Amadzaza mphikawo ndi udzu uja wonunkhira ngati ndimu, kapena masamba a minti, n'kusonkhezera moto wapang'onopang'ono. Nthunzi imakwera, imazizira m'paipimo, imadonthera m'botolo, ndipo pamwamba pa madziwo pamayandama timafuta tochepa zedi, moti mulu wonse wa masamba sudzaza supuni. Poyamba anansi ankaganiza kuti alamu ayamba kutcheza mowa, mpaka azibambo ena anabwera ndi makapu m'matumba. Anabwerera kwawo ndi ulaliki wa ubwino wa minti.

Ntchito yawo amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Mabotolo awo onse ndi agalasi lakuda, amati dzuwa limapha mafuta ndipo mafutawo amadya pulasitiki. Sakulola kudzola osasungunula: amadonthezera kaye m'mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati, poti ena mwa mafutawa amawotcha khungu. Mayi woyembekezera akabwera amamubweza chimanjamanja. Wodzola a ndimu amamuletsa kuyenda padzuwa. Lavenda amati ndi wa tulo ndi mtima wothamanga, minti ndi wa mutu ndi mseru, malalanje ndi a munthu wodzuka atakwinya nkhope, mkungudza ndi wothamangitsa njenjete mu zovala, udzu wa ndimu ndi wa udzudzu ndi alendo okhalitsa. Zina zimagwiradi, zina ndi chikhulupiriro cha munthu, ine si dokotala. Chomwe ndikudziwa n'chakuti alamu sanamverepo munthu mpaka amalize kulankhula. Ukangoyamba kuti "alamu, mtima wangawu," dzanja lawo lafika kale pa shelefu.

Amuna anga anali osoka nsapato. Anali ndi kabenchi pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo anzawo ankawatchula a Chidendene. Akamabwera madzulo, fungo linkalowa m'nyumba iwo asanagogode: guluu, chikopa, polishi, ndipo pansi pa zonsezo panali kafungo kofunda ka thupi lawo komwe sindingakafotokozere munthu. Ine ndinakwatiwa ndi fungo limenelo maso ali gwa, palibe anandinyenga.

Alamu linkawadwalitsa. Akabwera kudzacheza ankaima pakhomo atatseka mphuno ndi mpango.

"Iwe, usandiyandikire ndi chinsanza chakocho," ankatero kwa mlongo wawoyo, akuloza epuloni. "Munthu wa banja kumanunkha ngati pansi pa bedi?"

"Achemwali, fungo langali likudyetsa banja," amuna anga ankayankha uku akuseka. "Lanulo likudyetsa njuchi."

Ulendo uliwonse ankawasiyira kabotolo kuti azidzola akasamba. Amuna anga ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mwaulemu, m'mawa n'kupita nako kuntchito. Kumeneko ankadonthezera mu nsapato za makasitomala a mapazi ovuta, ndipo mbiri yawo inakula kwabasi. Alamu atamva kuti lavenda wawo woitanitsa kutali akuthera mu nsapato za madalaivala, anakhala nyengo yonse ya mvula osatiyankhula. Inali nyengo yabwino kwambiri m'banja mwathu.

Amuna anga anamwalira mwadzidzidzi, pabenchi pawo pomwepo, nsapato ya munthu ili pamwendo. Mwini sitolo anandibweretsera zida zawo m'katoni, epuloni ili pamwamba. Inali ya nsalu yokhuthala, yakuda pachifuwa pomwe ankapukutira zala, youma ndi guluu m'mphepete mwa thumba. Ndinaipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ine ndimasoka zovala pa shopu ya telala, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kumeneko ndinkaika nkhope pachifuwa cha epuloniyo n'kupuma. Zithunzi ndinali nazo, koma chithunzi chimangokuyang'ana. Fungo linkawabwezera m'chipindamo athunthu, ndi chifuwa chawo cham'mawa, ndi nthabwala zawo zosasekesa. Ndikatero ndinkapeza mphamvu zovala nsapato n'kutuluka.

Olira atabalalika, alamu sanabalalike. Anabwera ndi sutikesi ndi bokosi la mabotolo, ati adzandiyang'anire. Pasanapite nthawi nyumba yanga inasanduka nthambi ya kachipinda kawo kaja. Pabalaza anaika kambale ka madzi pamwamba pa kandulo, n'kudonthezeramo malalanje kuti mtima wanga udzuke. Pakhonde udzu wa ndimu. Kubafa minti, moti munthu unkatuluka m'menemo maso ali psuu ngati wamenyedwa. Ndikangoyamba kulira, mpango wa lavenda unali utafika kale pamphuno panga.

"Puma, mlamu wanga, puma. Zipita zimenezi."

Sindinkafuna kuti zipite. Ndinkafuna kulira amuna anga mpaka nditatopa ndekha, koma alamu ankaona misozi ngati banga pa nsalu ya pabedi.

Tsiku lina m'mawa analowa kuchipinda kwanga osagogoda, monga mwa khalidwe lawo, ndipo anandipeza nkhope ili mu epuloni. Anaima ngati aona njoka.

"Mlamu, ukuchita chiyani?"

"Zanga, alamu."

"Ndiye chifukwa chake sukuchira! Ine ndikuthira malalanje pabalaza, iwe ukudzapuma guluu kuno? Ukudziwa kuti guluu amawononga mutu? Bwera nayo, ndikaiviike m'madzi otentha ndi udzu wa ndimu, ikatuluka uidabwa."

Ndinatembenuka, epuloni ndaikumbatira.

"Alamu, mverani bwino, poti kumva si mphatso yanu. Pabalaza ndakupatsani. Kubafa ndakupatsani. Mukafuna ndi khitchini yomwe tengani. Koma nsalu iyi mukadzaikhudza ndi chala chimodzi, ine ndi inu tidzaonetsana."

"Aa, chinsanza chomwechi?"

"Lumbirani."

Anakweza manja onse awiri, milomo ataikweza mbali imodzi.

"Chabwino, amayi. Sindidzaikhudza. Nunkhani bwino."

Sindinawakhulupirire. Komanso ndinali nditaona kuti fungo la pa epuloniyo layamba kupepuka, poti mpweya wa m'nyumba monse unali wa alamu. Ndiye ndinaipinda bwinobwino, ndinaiika m'thumba lapulasitiki, ndinamanga pakamwa pake zolimba, n'kuiika pa shelefu ya pamwamba mu wadiropu. Ndinadziletsa kuitsegula tsiku ndi tsiku. Ndinkaisungira masiku ovuta okhaokha, monga mmene munthu amasungira shuga wotsiriza, ndipo kungodziwa kuti ili m'menemo kunkandikwanira.

Mvula inayamba, makoma anachita chinyezi, nsapato za pansi pa bedi zinamera chuku. Alamu anayamba kuzungulira nyumba ndi timipira ta thonje tonyowetsa ndi mafuta, kuponya m'makabati, m'masutikesi, kuseri kwa mipando. Ine ndinkachoka m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo mphuno yanga inali itatopa kale ndi zonunkhira zawo moti sindinkasiyanitsanso chatsopano ndi chakale.

Tsiku lovuta linafika. Kasitomala wina anabwera ku shopu atavala nsapato zomwe ndinazizindikira, za soli yosokedwa ndi ulusi wofiira, kasokedwe ka amuna anga. Ndinapempha kuweruka masana, ndinathamangira kunyumba, ndinadzitsekera kuchipinda. Nditatsegula wadiropu, fungo linandimenya kumaso. Pamwamba penipeni pa thumba langa lija panali timipira ta thonje, tonenepa ndi mafuta. Pomwe timipirato tinakhala pulasitiki inali itafewa, itamata, itabooka. Mafuta anali atalowa mu epuloni n'kujambula mawanga pachifuwa pake. Ndinaika nkhope. Lavenda. Ndinatembenuza, ndinanunkhiza m'thumba, pa zingwe, pakhosi. Lavenda ndi mkungudza, mkungudza ndi lavenda.

Ndinawapeza kukhitchini akutsuka timabotolo tawo.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana epuloni, anayang'ana ine, napitiriza kutsuka.

"Ine sindinaikhudze."

"Munaika thonje lanu pamwamba pake!"

"Pamwamba pa thumba. Njenjete zikanadya zovala zako zonse, mlamu. M'malo mothokoza ukundilalatira?"

"Inu amene mumalalikira msewu wonse kuti mafuta amadya pulasitiki? Inu amene simulola ngakhale chivindikiro cha pulasitiki pa shelefu panu? Munaiwala tsiku limenelo lokha?"

Anapukuta manja pang'onopang'ono, chala ndi chala.

"Mwina zachitika bwino," anatero. "Sukanachira ndi chinthu chimenecho m'nyumba."

Ndinawatulutsira sutikesi yawo pakhonde ndekha. Bokosi la mabotolo ndinalinyamula mosamala, osati chifukwa cha ulemu, koma ndinkaopa kuti likasweka pakhomo panga ndidzanunkhira alamu mpaka kufa. Anansi anatuluka kudzaonerera. Alamu ananyamuka mutu uli m'mwamba, akuuza aliyense kuti chisoni chandisokoneza ndipo akandikonzera kena kake kothandiza.

Epuloni ndinaiyanika pamthunzi, ndikuganiza kuti mafutawo auluka n'kusiya za pansi pake. Lavenda anaulukadi pang'ono, koma anapita ndi amuna anga. Mkungudza ndiye unakhazikika ngati walipira lendi. Nsaluyo inangotsala nsalu yonunkhira bwino, yoti mlendo angaiyamikire. Ndinalira kuposa tsiku lomwe anandibweretsera katoni ija. Chomwe chinanditonthoza n'chakuti m'mutu mwanga fungolo linalimobe. Ndikatseka maso n'kukhala chete, linkabwera lokha, lathunthu, ndipo ndinkadziuza kuti kumeneko kokha alamu sangafikeko ndi thonje lawo.

Panapita miyezi. Loweruka lina masana ndikusesa pakhonde, ndinangoona alamu aima pageti, atavala bwino ngati akupita kukapepesa. Anali ataonda. Sanakoke mpweya, sanandiuze chomwe ndadya, ndipo zimenezi zinandichititsa mantha.

"Mlamu, sindikhalitsa. Ndakubweretsera chinthu."

"Sindikufuna madontho anu."

"Aka si kogulitsa."

Anatulutsa kabotolo kakuda kopanda chizindikiro, anadonthezera pa mpango woyera, n'kutambasula dzanja. Ndinabwerera m'mbuyo, koma mphuno sipempha chilolezo kwa mwini wake. Mphepo inandibweretsera. Tsache linagwa m'manja.

Chinali chikopa. Anali polishi. Guluu analimo, wapatalipatali, monga mmene ankamvekera amuna anga akasamba m'manja. Ndinagwira mzati wa khonde.

"Mwachita bwanji?"

Nkhope yawo inawala, poti palibe chomwe alamu amakonda kuposa kufunsidwa za ntchito yawo. Anati anapita pakhonde la sitolo paja, kwa bambo amene anatenga malo a amuna anga, nakapempha zidutswa za chikopa ndi timakoko ta guluu wouma. Anaziviika m'mafuta a mpendadzuwa kwa nthawi yaitali, kusefa, kutaya, kuyambanso. Anaonjezera kapolishi ka pansonga ya singano. Anati mphuno yawo inatupa ndi kuyesa, ndipo makasitomala ena anathawa poti kachipinda kawo kankanunkha ngati kwa osoka nsapato. Iwo, a Kadontho, amene sankalola mlongo wawo kuwayandikira.

Ndinalanda mpangowo n'kuuika pamphuno. Ndipo pamenepo ndinamva chinthu china pansi pa chikopa, chozizira, chobaya, chotsegula mphuno mpaka m'maso.

"Ichi n'chiyani? Chozizirachi?"

"Bulugama."

"Bulugama walowamo bwanji? Amuna anga sanadzolepo bulugama."

"Popanda bulugamayo sizinkamveka ngati mlongo wanga," anatero alamu, mawu atatsika. "Ndinayesa, zinkangomveka ngati nsapato. Ali mwana anali ndi chifuwa chovuta. Ndinkawiritsa masamba a bulugama n'kumufunditsa bulangeti kuti apume nthunzi, kenako ankagona pachifuwa panga. Mutu wake wonse unkanunkhira choncho. Nditangodonthezera kamodzi, ndinamumva walowa m'chipinda."

Misozi inali ikutsika pamasaya awo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaifunire mpango wa lavenda. Mwina munthu wabwino akanawakumbatira. Ine mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Ameneyu ndi mlongo wanu, alamu. Amuna anga mwawaika kuti?"

"Ndi munthu mmodzi yemweyo."

"Ayi. Uyu ndi mwana wanu wa chifuwa. Anga anali bambo wamkulu wonunkha thukuta, amene inu munkamutsekera mphuno. Munawafafaniza pa epuloni, lero mwabwera kudzandipatsa wanu kuti ndizimulira?"

Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo alamu akale anabwerera nthawi yomweyo.

"Ine ndinamudziwa iwe usanamudziwe. Ndinamusambitsa, ndinamuchotsa mamina. Usandiphunzitse fungo la mlongo wanga."

Ndinawaponyera mpango wawo, ndinawatsekera geti kumaso. Kabotolo anapita nako, ndipo ndimamva kuti amakasunga pambali pa bedi lawo. Ndinasamba m'manja ndi sopo mpaka khungu kuwawa, ndinasintha bulauzi, ndinatsegula mazenera onse.

Koma ndinali nditapuma kale, ndipo ndinapuma mozama. M'mawa mwake ndinakhala pabedi, ndinatseka maso kuti ndiwaitane amuna anga monga ndinkachitira. Guluu anabwera, chikopa chinabwera, polishi anabwera. Pamalo pomwe pankabwera iwo eni ake, panabwera bulugama. Ndinayesanso tsiku lotsatira, ndinayesa ndili m'basi, ndinayesa ndikusoka. Ndikakankha bulugamayo, zonse zimachoka naye limodzi, n'kutsala mutu wopanda kanthu. Alamu amadziwa kusakaniza, ndinanena kale kuti pamenepo sindingawanamizire, ndipo zomwe asakaniza sizilekanitsika.

Iwo akadali kuseri kwa saluni kuja, akudonthezera anthu tulo ndi chimwemwe, ndipo amauza makasitomala kuti mlamu wawo ndi munthu wosayamika. Tikakumana mumsewu ndimawoloka.

Sabata yatha mnzanga wina wa ku shopu anabwera ndi chimfine, atapaka pachifuwa mankhwala aja a bulugama a m'kachitini. Analowera kumbuyo kwanga ine nditaweramira pa makina. Phazi linachoka pa chopondera, ndinatembenuka ndi nkhope yonse kuti ndiwalandire amuna anga. Anali mnzangayo, mphuno ili yofiira, akufunafuna sizasi.

"Bwanji, achemwali? Mwaona chiyani?"

Ndinafuna kumuuza kuti akakhale kuzenera ndi mankhwala akewo. M'malo mwake ndinakoka mpando wanga n'kuusendeza pafupi ndi wake, ndipo ndinasoka tsiku lonse ndikupuma mwana wa alamu. Chimenecho ndiye sindidzawakhululukira.